Otis McDonald: nkhalamba yomwe idagonjetsa mzinda wa Chicago pa mlandu wa mfuti

Munthu akafika zaka 74 timayembekezera kuti azikhala pakhonde, kuwothera dzuwa uku akusewera ndi zidzukulu. Koma bambo Otis McDonald a mumzinda wa Chicago, m'dziko la America, atafika msinkhu umenewu m'chaka cha 2008 adanyamuka kupita kukhoti kukasumira khonsolo ya mzinda wawo. Chomwe ankafuna chidali chilolezo chosunga mfuti yaing'ono m'nyumba mwawo, basi. Patatha zaka ziwiri adapambana, ndipo chigamulo cha mlandu wawo chidakhudza malamulo a mfuti m'dziko lonselo.

Ambirife tikamva za okonda mfuti ku America timaganiza za azungu a zipewa zikuluzikulu aja timawaona m'mafilimu. A McDonald sadali otero ayi. Adali munthu wakuda, mwana wa alimi osauka, wotsatira chipani cha Democratic chomwe chimadziwika ndi mfundo zochepetsa mfuti, komanso mtsogoleri wa bungwe la apantchito. Zaka zambiri adazithera m'misonkhano ya chitetezo cha m'dera lawo. Nanga chidawafikitsa pofuna mfuti n'chiyani? Mbiri ya mkuluyu ikusonyeza kuti mkangano wa mfuti uli ndi gwero lake, ndipo gwerolo ndi funso lakalekale: kodi munthu wamba akakuwa usiku, amabwera kudzamuthandiza ndani?

Kuchokera kumunda kupita mumzinda

A McDonald adabadwa pa 17 September 1933 ku Fort Necessity, kamudzi ka m'chigawo cha Louisiana, kum'mwera kwa America. Makolo awo adalibe munda wawowawo. Ankalima m'munda wa mwini malo n'kumagawana naye zokolola, monga amachitira matenanti m'maesiteti a fodya, ndipo pa ulimi wotere kawirikawiri ngongole imadya gawo la mlimi chaka chisanathe. Masiku amenewo kum'mwerako kudali malamulo a tsankho otchedwa Jim Crow. Munthu wakuda adali ndi sukulu yake, khomo lake lolowera m'chipatala, mpando wake kumbuyo kwa basi, ndipo zovota ankangozimva kwa ena.

Sukulu sadapite nayo patali. Akadali mnyamata, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, adauyamba ulendo wa ku Chicago, monga adachitira anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni omwe adasamuka kum'mwera pakati pa 1910 ndi 1970 kuthawa tsankho ndi umphawi. Adagwirako ntchito ya usilikali, kenako adalembedwa pa University of Chicago ngati wosesa ndi kukolopa. Adabwereranso kusukulu ali wamkulu kale, mpaka adakwezedwa kukhala injiniya wosamalira makina a m'nyumba za pasukulupo, ndipo anzawo adawasankha kutsogolera bungwe lawo la apantchito. Mu 1971 adagula nyumba ku Morgan Park, dera la kum'mwera kwenikweni kwa mzindawo. Kwa mwana wa tenanti, kukhala ndi nyumba yakeyake mumzinda kudali kutulukadi m'goli.

Dera litayamba kusokonekera

Mtendere udalipo poyamba, koma sudakhalitse. Mafakitale akuluakulu a zitsulo a kum'mwera kwa Chicago, omwe ankadyetsa mabanja zikwizikwi, adayamba kutsekedwa. Wisconsin Steel idatsekedwa mu 1980, ndipo South Works ya kampani ya U.S. Steel idatsatira mu 1992. Ntchito zitasowa, padalowa malonda a mankhwala ozunguza bongo, makamaka aja otchedwa crack, ndipo magulu a anyamata achifwamba adayamba kulimbirana misewu yogulitsiramo. Mu 1992 mokha anthu oposa 900 adaphedwa mumzindawo.

Pofuna kuthana ndi umbandawu, mu 1993 apolisi adayambitsa ndondomeko yotchedwa CAPS, yoti apolisi ndi anthu wamba azigwirira ntchito limodzi. Adaiyesa kaye m'maboma asanu a polisi, ndipo Morgan Park idali limodzi mwa asanuwo. Kachitidwe kake kadali kotere: mzinda adaugawa m'timadera ting'onoting'ono, kadera kalikonse n'kukhala ndi apolisi akeake odziwika nkhope, ndipo kawirikawiri, mwezi ndi mwezi, eni dera ankakumana nawo m'holo ya tchalitchi kapena pasukulu. Kumeneko ankatchula nyumba yomwe mukugulitsidwa mankhwala, magetsi a mumsewu omwe adazima, kapena bwinja lomwe akuba akubisalamo.

A McDonald adadzipereka pa ntchito yotereyi. Koma aliyense amene adalonderako dera lake akudziwa vuto lake: msonkhano ukatha wapolisi amakwera galimoto kupita kwawo, pamene iwe wotchula mayina umabwerera kukagona mumsewu womwewo. Ogulitsa mankhwala adayamba kuwaopseza kuti awachita chipongwe. Nyumba ndi galaja yawo zidathyoledwa kasanu, ndipo ulendo womaliza wakubayo adamuzindikira kuti ndi wa m'dera lomwelo. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mdani wa a McDonald sankachokera kutali, adali mwana wa m'makomo oyandikana nawo.

Mfuti adali nazo kale, zazitali zosakira nyama, popeza adali mlenje kuyambira kalekale ndipo lamulo linkawalola. Koma iwo ankati mfuti yaitali njovuta kuigwira m'kanjira kopapatiza ka m'nyumba pakati pa usiku, makamaka kwa munthu wokalamba. Ankafuna mfuti yaing'ono ya m'manja, ya mtundu wa pistol. Apa m'pamene adagundana ndi lamulo.

Lamulo la 1982

Mu 1981 Pulezidenti Ronald Reagan ndi Papa John Paul II onse adawomberedwa ndi mfuti zazing'ono, ndipo onse adapulumuka. Chaka chomwecho tawuni ya Morton Grove, pafupi ndi Chicago, idaletsa mfuti zoterezi. Mu 1982, pansi pa meya Jane Byrne, khonsolo ya Chicago idachita mochenjera: idalamula kuti mfuti iliyonse izilembedwa m'kaundula, kenako n'kuleka kulemba mfuti zazing'ono zatsopano. Kuyambira pamenepo munthu womvera lamulo sakadathanso kugula pistol n'kuisunga kwawo.

Cholinga chidali chabwino ndithu, pakuti anthu ambiri ophedwa mumzindawo ankaphedwa ndi mfuti zazing'onozo. Chovuta n'chakuti Chicago ilibe mpanda. Chigawo cha Indiana, komwe malamulo ngofewa, chayandikana nawo mzindawo, ndipo munthu angathe kupita ndi kubwerako dzuwa lisanapendeke. Lipoti la khonsolo yomweyo la 2017 lidapeza kuti pa mfuti 100 zilizonse zolandidwa kwa apandu zomwe adazilondola, pafupifupi 60 zidagulidwa kunja kwa chigawo cha Illinois, ndipo 21 mwa izo zidachokera ku Indiana. Choncho dandaulo la a McDonald lidali lomveka: owaopseza adali nazo mfuti, woletsedwa adali iwo.

Mlandu upita kukhoti

Malamulo oyendetsera dziko la America ali ndi ndime yotchedwa Second Amendment, ya mu 1791, yomwe imakamba za ufulu wosunga ndi kunyamula zida. Kwa zaka zambiri makhoti ankaimva ngati yonena za magulu a asilikali a m'zigawo. Koma pa 26 June 2008, pa mlandu wa District of Columbia ndi Dick Heller, bwalo lalikulu kwambiri la Supreme Court lidagamula kuti ufuluwu ngwa munthu aliyense payekha, wodzitetezera m'nyumba mwake. Chosadziwika kwa ambiri n'chakuti dzina loyamba pa mlanduwo lidali la mayi wachikuda, Shelly Parker, yemwenso adaopsezedwa ndi ogulitsa mankhwala kaamba kolimbana nawo m'dera lake, koma khoti lidamuchotsa pa zifukwa za kayendetsedwe ka milandu.

Chigamulo cha Heller chidali ndi malire. Mzinda wa Washington uli pansi pa boma lalikulu, kotero funso lidatsala: kodi ndimeyi ikumanganso maboma a zigawo ndi makhonsolo a mizinda? Tsiku lomwelo loya Alan Gura adakapereka chisamani kukhoti ku Chicago m'malo mwa a McDonald ndi anzawo atatu, Adam Orlov, Colleen Lawson ndi David Lawson, mothandizidwa ndi mabungwe a Second Amendment Foundation ndi Illinois State Rifle Association. Tisanamizane, maloya a milandu yotere amasankha bwino munthu woika patsogolo. Agogo achikuda, opuma pantchito, ovutitsidwa ndi zigawenga, adali nkhope yovuta kuitsutsa. Koma mantha a agogowo sadali opeka.

Adagonja m'makhoti awiri aang'ono, mu 2008 ndi mu 2009. Supreme Court idamva mlanduwo pa 2 March 2010.

Mbiri yomwe idadzutsidwa

Kuti timvetse chigamulocho tibwerere kwawo kwa a McDonald. Nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 itatha, ukapolo n'kuthetsedwa, zigawo za kum'mwera zidafulumira kukhazikitsa malamulo opondereza akapolo omasulidwawo. La ku Mississippi la 1865 lidaletsa munthu wakuda kusunga mfuti popanda chilolezo cha akuluakulu a boma. Magulu a azungu onyamula zida ankayenda khomo ndi khomo kulanda mfuti, ngakhale kwa omwe adamenya nawo nkhondo yothetsa ukapoloyo. Nyumba ya malamulo ku Washington idayankha mu 1866 ndi lamulo loteteza omasulidwawo, lomwe lidatchula ufulu wonyamula zida, ndipo mu 1868 idabwera ndime ya Fourteenth Amendment yoletsa zigawo kuphwanya ufulu wa nzika.

Papepala zidaoneka bwino. Koma pa 13 April 1873, Lamulungu la Pasaka, ku Colfax m'chigawo chomwecho cha Louisiana, gulu la azungu lidazinga anthu akuda omwe ankateteza nyumba ya khoti pa mkangano wa chisankho. Adapha anthu oposa 60, ndipo olemba mbiri ena amati adafika 150, ambiri atagonja kale. Atatu okha ndiwo adapezeka olakwa, ndipo mu 1876, pa mlandu wa Cruikshank, Supreme Court idawamasula. Mwa zina idati Second Amendment imamanga boma lalikulu lokha. Uthenga udamveka bwino lomwe kum'mwera konse: wakuda alibe womuteteza, ndipo asayerekeze kudziteteza.

A McDonald adabadwa patangotha zaka 60 chichitikire zimenezi. Ndipo nkhaniyi sidathere pomwepo. Mu 1956 nyumba ya Martin Luther King itaphulitsidwa ndi bomba ku Montgomery, iye adapempha chilolezo chonyamula mfuti, koma adamukaniza. Mu 1964 ku Jonesboro, ku Louisiana konko, amuna achikuda adapanga gulu la Deacons for Defense and Justice, lolondera ndi mfuti omenyera ufulu kuopa a Ku Klux Klan, popeza apolisi ankangoyang'ana kumbali. Choncho kwa munthu wa mbiri yotere, boma likati "pereka mfuti, tikuteteza ndife," mawuwo amamveka mosiyana ndi momwe amawamvera ena.

Majaji agawanika

Pa 28 June 2010 majaji asanu adagwirizana ndi a McDonald, anayi adakana. Jaji Samuel Alito, polemba chigamulo, adati ufulu wodziteteza ngozikika m'mbiri ya dzikolo kotero ukumanga zigawo ndi mizinda kudzera mu Fourteenth Amendment. Adakumbutsanso zomwe aphungu awiri a ku Illinois adanena chaka chomwecho popempha kuti asilikali alowe m'misewu ya Chicago: ophedwa mumzindawo adafanana kuchuluka ndi asilikali a America ophedwa ku Iraq ndi Afghanistan pa nthawi yomweyo, ndipo 80 mwa 100 alionse adali akuda. Jaji Clarence Thomas, wakuda yekhayo pabwalopo masiku amenewo, adalemba payekha nafotokoza za Colfax.

Okanawo adali ndi mfundo zawo zolemera. Jaji Stephen Breyer adati mfuti njosiyana ndi ufulu wina chifukwa imatenga moyo wa munthu wina, ndipo zoyenera kumudzi wa alenje sizingafanane ndi zoyenera mumzinda wothithikana. Kwa iye nkhani yotere njoyenera kuigamula anthu osankhidwa ndi eni mzinda, osati majaji. Winanso wokana adali John Paul Stevens, wa zaka 90, yemwe tsikulo adakhala pabwalopo komaliza. Stevens adabadwira ku Chicago ndipo adaphunzira pa University of Chicago, pasukulu yomwe a McDonald adadzayamba ndi tsache.

Tisaganize kuti anthu akuda onse a mumzindawo adakondwa. Mu May 2007 mnyamata wa zaka 16, Blair Holt, adawomberedwa m'basi akuchokera kusukulu, potchinjiriza mnzake. Bambo ake adali wapolisi, mayi ake wozimitsa moto, ndipo onse adasanduka omenyera malamulo okhwima a mfuti. Iwo ndi a McDonald ankakhala mbali imodzi ya mzinda, ankaopa anyamata a mtundu umodzi, koma mankhwala omwe ankafuna adali osemphana. Ndipo ziwerengero zili ndi zonena zake: mu 2021 anthu oposa 48,000 adafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka adadzipha okha. Mfuti yogulira wakuba nthawi zina imathera pa mwini nyumba. Walira mvula walira matope.

Chigamulo china cha tsiku lomwelo

Pali chinthu chomwe okamba nkhaniyi amakonda kuchilumpha. Tsiku lomwelo la 28 June 2010, m'khoti lina ku Chicago komweko, mkulu wakale wa apolisi Jon Burge adapezeka wolakwa pa mlandu wonama pa lumbiro ndi kusokoneza chilungamo. Pakati pa 1972 ndi 1991 iye ndi apolisi ake kum'mwera kwa mzindawo adazunza amuna achikuda oposa 100, kuwagwiritsa magetsi ndi kuwatseka mpweya ndi mapulasitiki kuti avomere milandu. Ena adagamulidwa kuti aphedwe pa milandu yomwe sadapalamule. Burge adachotsedwa ntchito mu 1993, chaka chomwe CAPS idayamba, ndipo mu 2015 khonsolo idavomera kupereka chipepeso cha madola 5.5 miliyoni kwa ozunzidwawo.

Tangoganizani. Apolisi omwe ankapempha anthu kuti abwere kumisonkhano adzatchule mayina ndi omwewo anthu ankawadziwa ndi mbiri imeneyi. Mboni zikamaopa apolisi ndi zigawenga mofanana, milandu sigwira. M'zaka zina, monga 2016, pa milandu yakupha yoposa theka apolisi a mumzindawo sadagwire aliyense. Wopha munthu akadziwa kuti mwina sagwidwa, ndipo woferedwa akadziwa kuti chilungamo sichibwera, aliyense amayamba kufunafuna chida chake. Lamulo la 1982 lidapempha anthu kuti asiye chitetezo chawo m'manja mwa boma, koma boma silidasunge mbali yake ya pangano.

Zotsatira zake

Meya Richard M. Daley sadagonje msanga. Patangotha masiku anayi, pa 2 July 2010, khonsolo idakhazikitsa lamulo latsopano lololeza pistol m'nyumba, koma osati pakhonde kapena m'galaja. Lidalamulanso kuti wofuna chilolezo akaphunzire kaye kuwombera, uku likuletsa malo ophunzirira kuwombera mumzinda wonse. Makhoti adagwetsa zimenezi chimodzichimodzi: za malo ophunzirira mu 2011, za kuletsa masitolo a mfuti mu 2014. Mu 2013 Illinois idakhala chigawo chomaliza kulola anthu kuyenda ndi mfuti yobisa, ndipo mu 2022 Supreme Court, pa mlandu wa Bruen, idati ufuluwo umafikanso kunja kwa nyumba.

Nanga umbanda udatani? Apa mbali zonse ziwiri zimasowa chonyadira. Lamulo loletsa lili pomwepo, ophedwa adaposa 900 mu 1992, natsika kufika pansi pa 500 mu 2004. Litachotsedwa, adatsala pang'ono kufika pa 400 mu 2013, nakwera kuposa 750 mu 2016, pafupifupi 800 mu 2021, kenako n'kutsikanso pansi pa 600 mu 2024. Chiwerengero chidakwera ndi kutsika lamulo lilipo, chidakweranso ndi kutsika lamulo palibe. Amene amati kuletsa mfuti kukadapulumutsa mzinda, ndi amene amati kuloleza mfuti kukadaopseza zigawenga, onse ali ndi zaka zowatsutsa.

Mzinda womwewo udayesanso njira ina. Mu 2000 dokotala Gary Slutkin, yemwe adagwirako ntchito yolimbana ndi miliri ku Somalia ndi Uganda, adayambitsa gulu la CeaseFire. Iye adati chiwawa chimafalikira ngati kolera, kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, ndipo adalemba ntchito anthu omwe kale adali m'magulu achifwamba kuti azikathetsa mikangano kubwezerana kusanayambe. Zotsatira zake zidasiyanasiyana malinga ndi dera komanso ndalama, koma njirayi ikufanana ndi yomwe a McDonald adayamba nayo: anthu odziwana kulankhulana za msewu wawo.

A McDonald adamwalira pa 4 April 2014 ali ndi zaka 80, atadwala khansa. Mabungwe a mfuti adawalira ngati ngwazi, ndipo dzina lawo lero likuphunzitsidwa m'sukulu za malamulo m'dziko lonselo. Zimenezo n'zoyenera, pakuti si masewera kuti munthu woyamba ndi tsache asinthe kamvedwe ka malamulo a dziko lalikulu chotere. Komabe owatamandawo amakumbukira zaka ziwiri za kukhoti n'kuiwala zaka zambiri za m'misonkhano ya kadera, pamene mkuluyu ankapempha zinthu wamba: wapolisi wofika pa nthawi yake, nyumba ya mankhwala yotsekedwa, mboni yotetezedwa. Majaji asanu adatha kuwapatsa pistol ndi cholembera chokha. Zinazo khoti silikadatha kulamula, ndipo anthu a kum'mwera kwa Chicago, ofuna mfuti ndi odana nazo omwe, adatsala akuzipemphabe.